Foni mpaka m'bandakucha: vuto limayambira pati, ndipo tithandize bwanji?

Anaphiri
Moni nonse. Pali funso limene makolo akubwera nalo kwambiri m'masukulu a sekondale, ndipo mayankho athu sakukhutiritsa. Amafunsa kuti mwana azikhala pa foni maola angati kuti tinene kuti zafika poipa. M'kalasi tikuona ana oodzera phunziro loyamba ndi lachiwiri, opsa mtima msanga, ndi ena olephera kuwerenga tsamba limodzi mpaka kumapeto. Inu a zachipatala mumayeza bwanji? Nanga kholo lichite chiyani kwenikweni sabata yoyamba? Mawu akuti "achepetseko" aliyense amawadziwa kale, koma sasintha kanthu.

Abanda
Zikomo Anaphiri. Maola paokha si muyeso wabwino. Mayi wogulitsa kaunjika pa WhatsApp akhoza kukhala pa foni maola 8 koma n'kumagona bwino, kudya bwino, kucheza ndi ana ake. Mnyamata wina amakhalapo maola 3 okha, koma ndi a pakati pa 11 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha. Amene akuwonongeka ndi wachiwiriyu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la masewera a pa foni ndi pa kompyuta m'buku lake la matenda, ICD-11, limene linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu. Munthu amalephera kudziletsa: wati asewera mphindi 30, kukuchera ali pomwepo. Masewerawo amawaika patsogolo pa kudya, kusamba, sukulu, ngakhale mpira umene ankaukonda. Ndipo amapitirizabe akuona ndi maso ake kuti zinthu zikumuwonongekera. Kawirikawiri zimenezi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12, pokhapokha zikafika poopsa msanga. Juga ya pa intaneti nayo ili m'bukumo. Koma kukonda TikTok, Facebook kapena WhatsApp sikunalembedwe ngati matenda paokha, choncho tisamathamangire kuuza kholo kuti mwana wadwala.

Kholo ndi mwana akhale pansi, alembe kwa masiku 7 nthawi yogona, nthawi yodzuka, ndalama zopita ku mabandulo, ndi chimene chinasiyidwa tsikulo chifukwa cha foni. Papepalapo pamaoneka chimene foni yalanda: tulo, ndalama, sukulu kapena anthu. Chimene chalandidwacho ndicho timayamba kubweza.

Anambewe
Ndigwirizane ndi Abanda, koma ndionjezere kuti pa zinayi zimenezo yambani ndi tulo nthawi zonse. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10, wamkulu osachepera 7. Mwana wogona 1 koloko n'kudzuka 5 koloko kuti asese ndi kukonzekera sukulu wagona maola 4. Pakatha sabata ziwiri amaiwalaiwala, amakwiya ndi zazing'ono, mutu umawawa, ndipo aliyense womuona akhoza kuganiza kuti ndi matenda a kukhumudwa. Ena mwa ana amenewa akangoyamba kugona mokwanira, zambiri zimachoka zokha.

Foni imadya tulo m'njira zitatu, ndipo anthu amalimbana ndi yaing'ono kwambiri. Yoyamba ndi nthawi yeniyeniyo, ndipo kwathu kuno mabandulo a usiku otchipa amakankhira achinyamata ku maola oyenera kugona. Yachiwiri ndi kugalamutsa maganizo: mkangano wa pa gulu, meseji yosayankhidwa ya chibwenzi, gemu imene watsala pang'ono kupambana. Mtima umathamanga, thupi silingagone. Yachitatu ndi kuwala kwa sikirini, kumene kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi touza ubongo kuti kwada. Kafukufuku wa ku Boston wofalitsidwa mu 2015 anapatsa anthu 12 iPad kuti aziwerenga maola 4 asanagone, masiku 5 otsatizana. Melatonin inachedwa ndi nthawi yoposa ola limodzi, koma nthawi yopezera tulo inatalika ndi mphindi pafupifupi 10 zokha. Ndiye amene amasintha sikirini kukhala yachikasu n'kupitiriza kuskrola mpaka 1 koloko sanakonze kanthu.

Ndondomeko yake nayi. Sankhani nthawi imodzi yodzuka, isasinthe ngakhale Loweruka. Musakakamize wozolowera 1 koloko kugona 9 koloko tsiku lomwelo, angogubuduka pabedi n'kunena kuti njirayi yakanika. Bwezerani nthawi yogona m'mbuyo ndi mphindi 20 kapena 30 pakatha masiku awiri kapena atatu aliwonse. Foni izichajidwa pabalaza kuyambira ola limodzi asanagone, ndipo gulani wotchi ya alamu kuti pasakhale chodzikhululukira. M'mawa atuluke padzuwa mphindi 20, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndiko kumabweza wotchi ya m'thupi. Tiyi wakuda, khofi, kokakola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere 2 koloko masana, popeza theka la caffeine, chogalamutsa chimene chili mu zakumwazi, limakhalabe m'magazi pakatha maola pafupifupi 5. Akafuna kugona masana, asapitirire mphindi 30.

Pamene zimakanika kwambiri ndi pamene bambo ndi mayi akugona ndi foni zawo kumutu. Lamulo la pabalaza likhale la nyumba yonse.

Achisale
Ine ndilankhule za mbali ya makina, chifukwa makolo ambiri amaganiza kuti mwana ndi wopanda khalidwe, pamene akulimbana ndi chinthu chopangidwa dala kuti chisasiyike.

Katswiri wa ku America B. F. Skinner anaona kuti nkhunda zimajompha batani mwakhama kwambiri pamene chakudya chikutuluka mosadziwika nthawi, kuposa pamene chimatuluka pa kujompha kulikonse. Kuskrola n'chimodzimodzi: mavidiyo anayi osasangalatsa, wachisanu woseketsa kwambiri, ndipo sudziwa kuti wabwino wotsatira ali pati. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa ubongo Wolfram Schultz anayeza ubongo wa anyani n'kupeza kuti maselo otulutsa dopamine, timadzi ta mu ubongo tokhudzana ndi mphotho ndi chibaba, amagunda kwambiri mphotho ikabwera mosayembekezeka, kenako amayamba kugunda pa chizindikiro chokha chakuti mphotho ikubwera. Ndi chifukwa chake kulira kwa foni kumakoka dzanja munthu asanaganize n'komwe. Chimene chimakula ndi chibaba, chisangalalo chenicheni sichikula nacho.

Kenako anachotsa malo oimira. Kale tsamba linkatha, unkadina kuti upite pa lotsatira, ndipo pa kamphindi kameneko unkatha kusiya. Kuskrola kosatha, kumene Aza Raskin anapanga mu 2006, kuli ngati mbale ya mtedza imene wina akuithira usanaone pansi pake: sudziwa kuti wadya wochuluka bwanji. Onjezani vidiyo yoyamba yokha ina ikatha.

China chofunika kudziwa: pulogalamu imayeza masekondi amene waima pa vidiyo iliyonse, sifunsa ngati wasangalala. Mtsikana wosweka mtima akaima pa mavidiyo atatu a kusiyidwa, mawa alandira makumi. Foni imamubwezera chisoni chake chomwe, chochulukitsidwa.

Anaphiri
Achisale, tipatseni zoti kholo lidine, pang'onopang'ono. Foni zambiri kuno ndi Tecno, itel ndi Samsung.

Achisale
Chabwino mayi. Pa foni za Android lowani mu Settings, pezani Digital Wellbeing. Ikuonetsani maola a pulogalamu iliyonse, kangati foni yatsegulidwa, ndi manotifikeshoni angati alowa. Muone masiku 7, osati lero lokha. Pomwepo mukhoza kuika malire pa pulogalamu imodzi kapena ziwiri zimene zikudya nthawi. Musadule kuchoka pa maola 4 kufika pa mphindi 15, mwanayo adzangochotsa malirewo. Yambani ndi kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi, sabata yotsatira muchotsenso. Bedtime mode imazimitsa phokoso ndi kusandutsa sikirini yotuwa pa nthawi imene mwaika. Pa iPhone zomwezi zili mu Screen Time. Foni zina zazing'ono zilibe Digital Wellbeing, koma mu Battery kapena Data usage mumaonekabe pulogalamu imene ikudya kwambiri.

Manotifikeshoni: zimitsani onse kupatula mafoni oimbidwa, ma SMS ndi mameseji a munthu mmodzi payekha. Gulu lililonse la WhatsApp losakhudza sukulu kapena ntchito liikeni pa Mute, musankhe Always, kenako Archive kuti lisaoneke pamwamba. Mu Storage and data zimitsani kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo pakokha. Izi zimasunga bandulo, komanso chithunzi choopsa sichikufikirani musanasankhe kuchiona. Pa YouTube zimitsani Autoplay. Pa TikTok dinikizani vidiyo yosafunika nthawi yaitali, musankhe Not interested, ndipo muli njira yoyambitsira For You mwatsopano. Kuyambira 2023 TikTok imaika yokha malire a mphindi 60 kwa osakwana zaka 18, koma zimagwira ntchito ngati mwanayo analemba zaka zake zenizeni, ndipo ambiri amanama potsegula akaunti.

Kwa ana aang'ono pali Family Link ya Google, imene kholo limatsekera foni ya mwana kuchokera pa foni yake. Dziwani kuti ana amaizemba: amalowa pa browser m'malo mwa pulogalamu, amabwereka foni ya mnzawo, ena amasunga kafoni kachiwiri. Makina amathandiza amene wavomera kuthandizidwa.

Amwale
Pepani akuluakulu, ndiike mabuleki pang'ono. Tisalankhule ngati sayansi yatsimikiza kuti intaneti ndiyo ikudwalitsa achinyamata onse. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000 a ku America ndi Britain. Anapeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizozi kumafotokoza zosaposa 0.4 peresenti ya kusiyana kwa umoyo wa m'maganizo pakati pawo. Kugona mokwanira ndi kudya kadzutsa zinali ndi mphamvu yoposa pamenepo, ndipo kuzunzidwa ndi anzawo kunali koopsa kwambiri kuposa sikirini.

Vuto lina ndi lakuti kafukufuku wambiri amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Vivek Murthy, amene pa nthawiyo anali mkulu wa zaumoyo ku America, anachenjeza mu 2023 kuti achinyamata okhala pa masamba a mchezo maola oposa 3 patsiku ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri cha zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Koma kodi foni inabweretsa kukhumudwako, kapena mwana wokhumudwa kale anathawira ku foni? Komanso anthu akafunsidwa maola awo amalakwitsa kwambiri poyerekeza ndi zimene foni yalemba.

Kafukufuku woyesa mwachindunji alipo. Ku yunivesite ya Pennsylvania mu 2018, ophunzira 143 anagawidwa pawiri, ena anauzidwa kuti Facebook, Instagram ndi Snapchat azikhalapo mphindi 10 zokha iliyonse patsiku kwa sabata 3. Kusungulumwa ndi kukhumudwa zinatsika, makamaka kwa amene anayamba ali okhumudwa kwambiri. Chaka chomwecho gulu la ofufuza la Hunt Allcott linalipira anthu kuti atseke Facebook kwa sabata 4. Anthuwo anapeza ola limodzi lochitira zina patsiku ndipo umoyo wa m'maganizo unakwera, koma pang'ono. Ndiye phindu lilipo, kungoti si lalikulu monga mmene mitu ya nkhani imanenera.

Abanda
Amwale mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinakana za maola poyamba paja. Koma avereji imabisa anthu. Mukasakaniza ana 90 amene foni sikuwachita kanthu, ena amene ikuwathandiza kupeza manotsi ndi anzawo, ndi ochepa amene ikuwamiza, nambala yotuluka imakhala yaing'ono. Kuchipatala kumabwera ochepawo.

Amene amamira kawirikawiri ndi amene anali ndi bala kale: wosungulumwa, wamanyazi kwambiri pagulu, wolephera kukhazikika chibadwire, wa m'nyumba ya ndewu, womaliza sukulu amene wakhala zaka osapeza ntchito. Kwa iwo foni ndi mankhwala oziziritsa ululu. Amamva kuwawa mumtima, atsegula foni, ululu uchepa kwa mphindi zingapo, ndipo ubongo uphunzira kuti njira ndi imeneyo. Vuto lenileni silinakhudzidwe, mawa lakula, ndipo pamwamba pake pabwera manyazi a nthawi yotayika. Mukalanda foni osafunsa kuti ikuphimba chiyani, mwachotsa bandeji n'kusiya chilonda.

Kudziyerekeza ndi ena nakonso n'kwenikweni. Zikalata za mkati mwa Facebook, kampani imenenso ndi mwini wa Instagram, zimene Frances Haugen yemwe ankagwira ntchito kumeneko anaulula mu 2021 zinasonyeza kuti pa kafukufuku wa kampaniyo, atsikana 32 pa 100 alionse ananena kuti akamadziona oipa thupi, Instagram imawonjezera. Kwathu zimaonekeranso pa ndalama: sitetasi za anzako ali ku Johannesburg kapena kunyanja, iwe uli pakhomo. Palibe amene amaika chithunzi cha ngongole zake. Chimene chimathandiza ndi kusiyanitsa kuonerera ndi kucheza. Kuyang'ana miyoyo ya ena mwakachetechete kwa ola lathunthu kumasiya munthu ali wopanda pake, pamene kulemberana kapena kuimbirana ndi mnzake weniweni nthawi zambiri kumamulimbitsa. Pa pepala la masiku 7 lija onjezani mzere umodzi: usanatsegule pulogalamu unkamva bwanji, pa 0 mpaka 10, ndipo utatseka ukumva bwanji. Akaunti zimene zimatsitsa nambalayo azisiye kutsatira.

Anambewe
Pali china chimene sitichitchula mokwanira: zithunzi za ngozi ndi mitembo m'magulu a WhatsApp. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mavidiyo a ku Chilobwe ndi Soche anazungulira foni iliyonse, ndipo ngozi ya basi ikachitika zimakhalanso chimodzimodzi. Bomba litaphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston mu 2013, ofufuza anapeza kuti anthu oonera nkhaniyo maola 6 kapena kuposa patsiku anali ndi zizindikiro za mantha zoposa za ena amene analipo pamalopo. Zizindikiro zake ndi maloto oipa, chithunzi kubwera m'maso chokha, kudzidzimuka, kuopa kukwera minibasi. Nkhani muzimva pa nthawi yoikika, kamodzi kapena kawiri patsiku, makamaka pa wailesi kapena zolembedwa, osati usiku. Ma admin a magulu aike lamulo loletsa zithunzi za mitembo, ndipo azichotsa msanga. Achibale a womwalirayo nawonso ali m'magulu momwemo.

Anankhoma
Moni abale. Ndikupempha aphunzitsi ndi makolo asamale ndi chizindikiro ichi: mwana amene ankakonda foni, mwadzidzidzi akuiopa. Ikalira akudzidzimuka, akuibisa, wasiya kudya, akukana kupita kusukulu, kapena akupempha ndalama mosalongosoka. Kawirikawiri pamakhala kunyozedwa pa gulu la kalasi, kapena wina ali ndi chithunzi chake chamaliseche ndipo akumuopseza kuti achimwaza akapanda kutumiza ndalama kapena zithunzi zina. Anyamata nawo amagwa m'msampha umenewu, akuganiza kuti akucheza ndi mtsikana.

Kunyozedwa kwa pa intaneti kumapweteka mwapadera chifukwa kumamutsata mwana mpaka kuchipinda, kulibe nthawi yoweruka, ndipo sadziwa kuti aona ndi angati. Mawu oyamba a kholo ndi ofunika kwambiri. Mukayamba ndi kukalipa kapena kulanda foni, mwanayo sadzanenanso kanthu. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, ndipo wolakwa ndi woopsezayo. Musalipire ngakhale K1,000, wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute macheza. Jambulani sikirini yoonetsa nambala, dzina la akaunti, mawu oopsezawo, tsiku, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene anapereka. Chithunzi chamaliseche cha mwana musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa ahedi, chifukwa kutero ndi mlandu pakokha. Mukasunga umboni, mutsekeni munthuyo ndi kumuneneza pa pulogalamuyo, kenako pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti komanso zithunzi zolaula za ana. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Masiku oyambawo mwanayo asakhale yekha, chifukwa manyazi amtunduwu amafikitsa ena poganiza zodzipha m'maola ochepa.

Amwale
Popeza Abanda anatchula juga, ndiike masamu a kandege, gemu ya kubetcha yotchedwa Aviator imene ndalama yako imachuluka ndege ikamakwera koma imatayika yonse ikagwa usanaitulutse, chifukwa ambiri amene amati ali pa intaneti usiku ali pamenepo. Opanga Aviator amanena okha kuti gemuyo imabweza 97 peresenti ya ndalama zobetchedwa. Zikumveka ngati kutaya K30 yokha pa K1,000, koma ndalama imodzimodziyo imazungulira. Raundi imatha m'masekondi. Wobetcha K1,000 maulendo 100 usiku umodzi wadutsitsa K100,000, ndipo pa avereji wataya K3,000, ngakhale analowa ndi K5,000 yokha. Mwayi woti ndege ifike pa 2x, pamene ndalama yawirikiza kawiri, ndi pafupifupi 48.5 pa 100, pa 10x ndi wosakwana 10 pa 100. Raundi iliyonse ndi yoima payokha, ndege sikumbukira kuti yagwa msanga kasanu. Ogulitsa ma signal, oti amalosera pamene ndege igwere, pa Telegram ndi WhatsApp akungodya anthu kachiwiri.

Njira yowirikiza ukaluza ndiyo imamaliza anthu. Yambani ndi K500, muziwirikiza: mukaluza maulendo 7 otsatizana mwataya K63,500, ndipo zonsezi kuti mupindule K500. Mwayi wa kuluza 7 motsatizana pa 2x ndi pafupifupi 1 pa 100. Wosewera tsiku lililonse adzakumana nazo ndithu.

Abanda
Ndipo m'maganizo, ndege ikagwa pa 1.9 iwe ukudikira 2, ubongo umawerenga ngati watsala pang'ono, chibaba chimakula m'malo mochepa. Chizindikiro chachikulu cha matenda a juga ndi kuthamangitsa zotayika: sakubetcheranso kusangalala, akufuna kubweza fizi kapena mpamba wa bizinesi umene wadya. Pamabwera kunama, ngongole za pa foni, katapila, kugulitsa katundu wa m'nyumba. Apa malangizo a kuchepetsa sagwira, pamafunika kusiyiratu. Atseke akaunti zonse za kubetcha ndi kupempha kampani iliyonse kuti isamutsegulirenso. Ndalama azisunga munthu wodalirika kwa miyezi ingapo, iye azilandira ya tsiku limodzi pamanja, pa Mpamba kapena Airtel Money pasakhale kanthu. Ngongole zonse zilembedwe papepala limodzi pamaso pa wachibale. Achibale asamubwezere ngongole mwakachetechete, chifukwa amayambiranso ndi tsamba loyera. Chibaba chikabwera chimakwera n'kutsika chokha, kawirikawiri m'mphindi 20 kapena 30, choncho akonzeretu chochita pa mphindi zimenezo: kutuluka panja wopanda foni, kuimbira munthu amene anagwirizana naye. Tsiku la malipiro ndi loopsa kwambiri. Osakwana zaka 18 lamulo siliwalola kubetcha, koma ambiri amagwiritsa ntchito nambala ya kholo, ndiye yang'anani mbiri ya ndalama pa foni yanu.

Anaphiri
Zikomo nonse. Komabe makolo ena adzati njira yachidule ndi kulanda foni mpaka mayeso a MSCE atatha. Tiwaletse?

Anankhoma
Kwa mwana wa pulayimale, kusakhala ndi foni yakeyake n'kwabwino, palibe chotsutsa. Kwa ana ang'onoang'ono WHO inanena mu 2019 kuti wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Chizolowezi chopatsa khanda foni kuti litonthole n'choipa, chifukwa mwana amaphunzira kulankhula poyankhana ndi munthu, ndipo amaphunzira kudzitonthoza akatonthozedwa ndi munthu. Koma kwa wa Fomu 3 kapena 4, kulanda ngati chilango kumabala kubisa, ndipo tsiku limene adzaopsezedwa pa kafoni kobisika sadzabwera kwa inu.

Achisale
Maboma nawo anayesa. South Korea inaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti pakati pa usiku ndi 6 koloko m'mawa kuyambira 2011, koma inathetsa lamulolo mu 2021. Ana ankalowa ndi ziphaso za makolo, ndipo magemu anali atasamukira pa foni. China mu 2021 inalola osakwana zaka 18 ola limodzi lokha, 8 mpaka 9 koloko madzulo, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Australia inakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba a mchezo. Pakhomo ine ndingasankhe mgwirizano wolembedwa: foni pabalaza 9 koloko, palibe foni pa chakudya, powerenga ikhale chipinda china. Akaphwanya, chilango chikhale cha tsiku limodzi, chodziwika kale. Ngati akufunika kuimbirana ndi makolo, kafoni ka mabatani kamakwanira m'kati mwa sabata.

Abanda
Pa za kuwerenga zimene Anaphiri anayamba nazo: Gloria Mark wa ku yunivesite ya California ku Irvine anayeza nthawi imene anthu amakhala pa chinthu chimodzi pa sikirini asanasinthe. Mu 2004 inali mphindi ziwiri ndi theka, pa kuyeza kwa zaka zaposachedwa inatsika kufika pa masekondi 47. Izi sizikutanthauza kuti ubongo wawonongeka, ndi chizolowezi, ndipo chimabwerera ndi kuyeserera. Wophunzira ayambe ndi mphindi 10 zowerenga buku la pepala, foni ili chipinda china, osati m'thumba. Pambali akhale ndi kapepala, ganizo lofuna kuona foni likabwera alembe kachizindikiro n'kupitiriza. Pakatha masiku atatu aonjeze mphindi 5, mpaka afike 25 kapena 30, kupuma mphindi 5 poimirira ndi kumwa madzi. Kupumako kusakhale kwa pa foni, apo ayi mphindi 5 zisanduka 40. Manotsi otumizidwa pa WhatsApp awakopere m'kope kaye, kenako azimitse data.

Nthawi imene yapulumutsidwa iyenera kudzazidwa ndi china chenicheni, monga mpira, netibo, kwaya, dimba, kuphunzira kusoka. Mukasiya dzenje, foni imabwereramo sabata yomweyo. Masiku oyamba yembekezerani kukwiya ndi kusowa mtendere, si chizindikiro chakuti njira yalephera.

Anambewe
Ndimalize mbali yanga ndi nthawi yosiya zoyesa pakhomo n'kupita kuchipatala. Pitani ngati tulo takonzedwa kwa sabata 3 kapena 4 koma munthu akadali wachisoni tsiku lonse, sakusangalala ndi chilichonse, wasintha kadyedwe, kapena akudziona wachabechabe. Pitani ngati wasiya sukulu kapena ntchito, akumenya anthu foni ikachotsedwa, kapena wakhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa ndi kulankhula kosalekeza, kapena akukhulupirira kuti mapositi a anthu osawadziwa akunena za iye. Ziwiri zomalizazi si za foni ayi, ndi matenda ena ofunika mankhwala. Pa chipatala cha boma funsani namwino kapena kiliniko ofesa wa zamaganizo. Amagwiritsa ntchito mafunso oyezera kukhumudwa monga PHQ-9, amene alipo m'Chichewa, ndipo akapeza mapointi 10 kapena kuposa amafufuza mozama. Zikafunika amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo zipatala za St John of God zili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Akalemba sitetasi zotsanzika, akagawa katundu wake, kapena akanena kuti bola kufa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, ambiri amapepukidwa. Akavomera musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu, mapilitsi ndi zingwe m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Anaphiri
Ndalemba zonse. Ku mbali ya sukulu ndikuona kuti nafenso tikuonjezera vuto, chifukwa aphunzitsi ena amatumiza ntchito pa gulu la kalasi 10 koloko usiku. Achisale, pali njira yotsekera gulu usiku?

Achisale
Ilipo mayi. Admin alowe mu Group info, kenako Group permissions, azimitse Send messages. Akatero otumiza ndi ma admin okha. Palibe wotchi yochitira zimenezi payokha, ndiye sankhani aphunzitsi awiri osinthana kutseka 7 koloko madzulo ndi kutsegula 6 koloko m'mawa, ndipo ma admin agwirizane kuti nawonso satumiza kanthu gulu likatsekedwa. Ntchito ya mawa ifike isanakwane 5 koloko madzulo, kuti mwana wogwiritsa ntchito foni ya kholo aikopere m'kope kusanade.